A Namaona, Amene Ankangosungidwa

Sabata yathayi chakwana chaka chiwaikire m'manda a Namaona, ndipo muno mu Kadambo palibe amene watchulako dzina lawo. Inenso ndisadziyeretse. Ndinakumbukira Lachitatu, tsiku lenilenilo litadutsa kale, ndili pa makina anga osokera, ndipo ndinachita manyazi ngati ndagwidwa ndikuba. Ndiye ndati ndilembe zimene ndikudziwa, poti ine ndi amene ndinayandikana nawo zaka zoposa makumi awiri, mpanda wa udzu wokha pakati pathu, komanso ine ndi amene ndinakangana nawo kuposa wina aliyense.

Maliro awo anali aang'ono. Amayi a kumphakati anaimba, akatekisiti anapemphera, basi. Chimene anthu anakamba kwambiri tsiku limenelo si malemuwo ayi, koma msewu. Galimoto yonyamula bokosi inafika mpaka pakhomo penipeni, chifukwa khonsolo inali itatikonzera msewu, ngalande za simenti mbali zonse ziwiri. Kale maliro a mu Kadambo ankayenda pamapewa, kudutsa m'tinjira tamatope mpaka kumsewu waukulu, ndipo a Namaona anasenza mabokosi ambiri a anthu amene sanali abale awo. Wina kumbuyo kwanga anati, "Koma chitukuko chafika, abale." Ndinatembenuka kuti ndimuyankhe, koma ndinakumbukira kuti tili pamaliro.

A Namaona sanali a kuno ku Kasungu. Kwawo kunali ku Phalombe, ndipo mpaka tsiku lomwalira lilime lawo linkawaulula. Anabwera ali mnyamata, pa lole ya anthu odzalima fodya m'maesiteti, akuganiza kuti alima zaka ziwiri n'kubwerera ndi njinga. Zaka ziwirizo zinasanduka makumi atatu. Anayambira ku Kaluluma, kenaka ku Njombwa, kenaka esiteti ina imene sankafuna n'kuitchula komwe, n'kudzamalizira ku Kapelula. Utenanti mukuudziwa: munda wa bwana, nyumba pamalo a bwana, ndipo fodya akatha kugulitsidwa umakaima pakhomo pa ofesi, chipewa m'manja, kudikira kumva ngati chaka chamawa ukufunikabe. Ku Kapelula n'kumene akazi awo anamwalira. Mwana mmodzi amene anatsala, Esitere, abale a mayi ake anadzamutenga monga mwa mwambo wa kwawo, mdalayo n'kutsala yekha ngati chitsa m'munda. Kubwerera sakanatha. Ankati munthu amene anachoka kwawo ndi mano onse sangabwerere chibwano chokhachokha, manja ali zii, n'kukapempha munda kwa ana amene sakumudziwa nkhope.

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene mdala ameneyu ankafuna pansi pano, ngakhale pakamwa pawo sichinatulukepo bwinobwino: malo oti munthu asadzawauzenso kuti nyamukani.

Katundu wawo weniweni chinali chitseko. Musaseke. Chitseko cha mlombwa, cholemera, chakuda chifukwa cha manja a anthu, chimene anapangitsa kwa kalipentala wa ku Kaluluma chaka chimene anakwatira. Nyumba ya tenanti imakhala ya mitengo ndi dothi, ukamachoka umaisiya kuti wina alowemo. Koma chitseko ankachotsa. Chinayenda pamutu, pa ngolo, pa lole, maesiteti anayi onse. Chimene chinkandiwawa ine n'chakuti ngakhale muno mu Kadambo, atakhala zaka ndi zaka, hinjesi iliyonse inali ndi masikulu awiri okha m'malo mwa anayi. Ndipo Ogasiti aliyense, mwezi umene kuesiteti anthu amauzidwa zokhala kapena zochoka, ankamasula masikulu aja ndi nsonga ya mpeni, kuwapaka oyilo, n'kuwabwezera.

"Agogo, ulendo wa kuti?" ndinkawafunsa ndili kuseri kwa mpanda.

"Palibe, Nabanda."

"Nanga chitseko mukumasuliranji?"

"Zikachita dzimbiri izi, tsiku lonyamuka umaswa thabwa."

"Akunyamutsani ndani kuno? Kuno kuli bwana?"

Ankangosekera kukhosi, maso ali pa ntchito yawo.

Esitere anafika maliro atagona masiku awiri, mayi wamkulu wa imvi zake, amene bambo ake anawaona kanayi kapena kasanu chichokere ali mwana. Anayang'ana m'nyumba muja: mphasa, mapoto awiri, khasu, wailesi yakufa. Anatenga chitseko chokha. Sichinavute kuchotsa. Kondakitala anadandaula za kulemera kwake, koma chinakwera basi ya ku Limbe.

Mtengo sankabzala. Pakhomo pawo panali tomato, mpiru, therere, zinthu zoti pakatha miyezi itatu wadya, watha nazo. Chaka china ndinawapatsa mbande ya mango a boloma. Anailandira ndi manja awiri, kuthokoza mpaka ine kuchita manyazi. M'mawa mwake ndinaipeza itabzalidwa bwinobwino, manyowa ndi madzi omwe, koma kuseri kwa nyumba yanga. Ndinapsa mtima zedi. Iwo anati mlendo ndi mame, sabzala chinthu chofuna kuti udzakhalepo pokolola. Ine ndinawauza mawu oipa, ndinati ali ndi mtima waukapolo, ndipo tinatha milungu iwiri osapatsana moni. Amene anagonja ndi iwo. Tsiku lina ndinapeza mtolo wa mpiru utakolekedwa pa mpanda, ndinaphika, nkhani n'kuthera pompo.

Musaganize kuti anali munthu wofatsa. Pa nkhani ya madzi anali chilombo. Kadambo dzina lake likunena lokha: mvula ikagwa, madzi onse a kumsika ankatsetserekera kwa ife, kulowa m'nyumba, kuyandamitsa mabeseni. Okutobala aliyense, dzuwa likuswa mtengo, a Namaona ankatenga khasu n'kuyamba kukumba ngalande kuchokera kumtunda kwa lokeshoni mpaka kukamtsinje. Palibe ankawatuma, palibe ankawapatsa kanthu. Zaka za m'minda ya fodya zinawaphunzitsa kuona kumene madzi akufuna kupita mvula isanagwe. Koma tsoka kwa iwe ukataya phulusa kapena majumbo m'ngalande yawo! Ankakutchula dzina masanasana, anthu akumva. Akazi a aphunzitsi ena anataya zinyalala kawiri, kachitatu anadzazipeza zitawunjikidwa pakhonde pawo, mwini kuwunjika ataima pambali kudikira kuti afunsidwe. Anthu anawapatsa dzina loti a Khonsolo, ndipo iwo ankavomera.

Khonsolo yeniyeni itabwera ndi makina ake, mkangano unabuka tsiku loyamba lomwelo. A Namaona anamutsatira kapitawo wa ntchitoyo kuyambira m'mawa, kumuuza kuti ngalande yake njopapatiza, simenti idzang'aluka ndi mvula yoyamba, kalavati yodutsitsa madzi pansi pa msewu waiika pamalo olakwika. Kapitawo uja anali munthu wodekha, ankangoti, "Tamva, madala." Iwo nati, "Pofika Januwale mudzandifuna." Januwale anafika, mvula inagwa yamphamvu, madzi anayenda mwaulemu m'ngalande ya simenti mpaka kukamtsinje, osalowa m'nyumba ya munthu ndi mmodzi yemwe. A Namaona analakwitsa, ndipo sanavomere mpaka kumanda. Mvula ikamagwa ndinkawaona ataima m'mbali mwa msewu, thumba kumutu, kufunafuna mng'alu.

Ife tinakondwa, ndisaname. Kwa nthawi yoyamba ufa wanga unagona pansi osaopa. Koma Okutobala wotsatira ndinawaona akutuluka ndi khasu, kufika pamsewu, kuima, kuyang'ana kumtunda, kuyang'ana kumunsi, n'kubwerera. Kuyambira pamenepo panalibenso munthu wodzagogoda kwawo kuti agogo, madzi atilowera. Ndinawamvera chisoni, koma sindinawauze, chifukwa akanandikalipira.

Koma ndathamanga. Msewu ndi ngalande zisanabwere kunabwera nkhani ya mapuloti, ndipo nkhani imeneyo ndi imene imandisowetsa mtendere.

Kadambo kale unali munda wa a Zefaniya Mwale, munthu wangolo amene ankanyamula katundu wa anthu kuchokera kudepoti. Tauni itayamba kukula, a Zefaniya ankangoloza ndi chala: iwe manga apo, iwe apo. Ena ankawapatsa kangachepe, ena nkhuku, ena zikomo wapakamwa. Chikalata panalibe. A Zefaniya anawapeza a Namaona kudepoti komweko, esiteti ya ku Kapelula itatsekedwa, atakhala pansi ndi katundu wawo osadziwa basi yoti akwere. Anawakweza pa ngolo, kukawadyetsa kwawo, m'mawa mwake n'kuwaloza pakona pamene anakhala mpaka imfa. Patapita zaka zochepa a Zefaniya anamwalira, ana awo n'kubalalikira ku Lilongwe.

Ndiye chaka china khansala wathu anaitanitsa msonkhano pabwalo la sukulu. Anati khonsolo ikufuna kukonza malokeshoni amene anamangidwa mwachisawawa: kudula mapuloti, kutsegula misewu, kubweretsa mipopi. Aliyense alembetse malo amene akukhalapo, adzalandire chikalata cha dzina lake, ndipo wofuna kumanga nyumba yabwino amange mosaopa. Ine anandisankha mu komiti yoyenda ndi alembi, ati chifukwa ndimadziwa khomo lililonse, komanso pakamwa panga sipachita dzimbiri.

A Namaona anakhala kumbuyo kwenikweni pamsonkhanopo. Koma Lolemba lotsatira ndinamva kugunda kwa chikombole kuseri kwa mpanda. Nditasuzumira, ha! Mdala wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, buluku atapinda, timiyendo ngati bango, akuponda dothi. Munthu yemwe uja anakana mbande ya mango!

"Agogo, mame aja ayamba kuumba njerwa?"

Sanaseke. Anapukuta thukuta ndi mkono nati, "Zipinda ziwiri basi, Nabanda. China cha Esitere, akadzabwera."

Ndinabwerera m'nyumba msanga kuti asandione maso. Anaumba miyezi iwiri, yekhayekha, pang'onopang'ono. Abambo a kumphakati anadzawathandiza kupanga uvuni ndi kuotcha. Njerwa zinapsa bwino, zofiira, zolira ukazigogoda, ndipo aliyense wodutsa ankaitanidwa kuti adzagogodeko.

Tsiku lolemba mayina anasesa bwalo kawiri, kuvala jekete yawo ya kutchalitchi, kudzabwereka mipando iwiri kwa ine. Mlembi anali mayi wachitsikana, waulemu, atanyamula chibuku chachikulu, ndipo kumbuyo kwake kunali abambo awiri oyeza malo ndi tepi. M'mawa umenewo tinali titayenda kale makomo ambiri. Paliponse funso linali limodzi, yankho limodzi. Malo ano mwini wake ndani? Anga. Ena ankayankha funso lisanathe n'komwe.

Tinakhala pansi. A Namaona anavula chipewa.

"Agogo, malo ano mwini wake ndani?"

"Malo ano ndi a Zefaniya Mwale."

Ndinayesa sindinamve bwino. "Agogo, a Zefaniya anamwalira kalekale!"

"Eya, anamwalira. Koma ndi amene anandiloza."

Mlembi uja anaika cholembera pansi. "Munagula, kapena anakupatsani?"

"Sindinagule. Anandiuza kuti khalani apa."

"Ndiye kuti ndi anu."

"Ayi, mayi. Ine ndikungosungidwa."

Apa ndinalusa. Ndinati mdala uyu wakhala pano zaka zoposa makumi awiri, nyumba anamanga yekha, ngalande za lokeshoni yonse amakumba ndi iyeyu, njerwa ndi izo mukuziona, lembani dzina lake musamumvere, wakalamba. A Namaona anandiyang'ana modekha, ngati mmene amayang'anira mwana amene walankhula pakati pa akulu.

"Nabanda, inu apo mukukhalapo anakulozani ndani?"

Mlembi anadzutsa mutu n'kundiyang'ana.

Apa mpamene ndinalakwa, ndipo ndikulemba kuti zidziwike. Puloti yanga inali italembedwa kale m'mawa womwewo, m'dzina langa. Amene analoza malemu amuna anga anali a Zefaniya omwewo, ndi nkhuku imodzi yaikazi. Kadambo yense anali chimodzimodzi. Ndinaona kuti ndikalimbikira nkhani ikula, buku lonse litsegulidwanso, ana a Zefaniya aitanidwe pa khomo lililonse. Mantha anandigwira, ndipo ndinatseka pakamwa. Ine Nabanda, amene sinditseka pakamwa ngakhale pa ulaliki.

Mlembi uja anachita mbali yake, sindingamunamizire. Anati, "Agogo, ndikufunseni kachitatu. Ndilembe dzina la ndani?"

"Lembani Zefaniya Mwale. Ine mundilembe pambali, kuti ndikusungidwa."

Analemba. Ponyamuka anawauza kuti mayina adzamatidwa pakhoma la sukulu mwezi wathunthu, ndipo akasintha maganizo adzangofika ndi mboni ziwiri.

Mwezi umenewo ndinapita kwawo tsiku lililonse. Pamaso pa mlembi ndinali chete, koma kuseri ndinkabangula ngati mkango, poti kumeneko sindikanataya kanthu. Iwo maganizo awo anali amodzi. Malo sudzipatsa wekha. Mwini amanena ndi pakamwa pake, anthu akumva, iwe n'kuwomba m'manja. A Zefaniya anati khalani, sanati tengani. Munthu wakufa sangayankhe, ndipo kunena kuti anga pamaso pa boma n'kubera munthu amene anakudyetsa tsiku limene unalibe kolowera. Ana ake akamva adzabwera, adzanena okha, ndipo pamenepo malo adzakhala a iwo a Namaona moyera, oti ngakhale kumwamba sakachita nawo manyazi.

"Ndiye ife tonse ndife mbava?" ndinawafunsa.

"Sindinatero."

"Mwatero!"

"Aliyense ndi mtima wake, Nabanda."

Ndinawauza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Anati za fodya ndisawaphunzitse. Mawa lake anapita kumsika n'kubwerako ndi tambala woyera, wamkulu, woti adzathokozere tsiku limene ana a Zefaniya adzanene mawu aja. Ankamudyetsa madeya ndi manja. Mwezi unatha, mapepala anachotsedwa pakhoma.

Amene anabwera ndi Lakisoni, mwana wachiwiri wa a Zefaniya. Ndikanakonda ndikanati anali munthu woipa, nkhani ikanapepuka, koma ayi. Iye sankadziwa n'komwe kuti bambo ake ali ndi kanthu kotsala mu Kadambo, mpaka mbale wina ataona dzina pakhoma la sukulu n'kumuimbira foni. Anabwera ndi shuga ndi sopo, anakana mpando n'kukhala pa njerwa, kupereka moni mwaulemu wake wonse. A komiti tinasonkhana. A Namaona, jekete ili pathupi, anafotokoza zonse kuyambira kudepoti: ngolo, ng'ombe ziwiri zija ndi mayina ake omwe, ndiwo zimene anadya tsiku limenelo. Atamaliza anaika manja pa mawondo, kudikira.

Lakisoni anayang'ana malo aja. Anayang'ana zikhomo zosonyeza kuti msewu watsopano udzadutsa mbali ziwiri za pakona pamenepo. Anayang'ana uvuni.

"Agogo, mwatilemekeza kwambiri," anatero. "Bambo akanakhala moyo akanakondwa. Khalani pano, palibe adzakuvuteni, mpaka Mulungu adzakuitaneni." Anatsokomola pang'ono. "Kungoti za nyumba ya njerwazi mudikire kaye. M'banja tilipo ambiri, ndikafunse anzanga."

Tonse tinamva chimene chanenedwa. Palibe anayang'ana mnzake. A Namaona anagwada, mawondo akulira, n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono monga amachitira munthu wolandira chinthu chachikulu. Kenaka anazungulira kuseri, kubwera ndi tambala uja atamumanga miyendo, n'kumupereka ndi manja awiri. Lakisoni anayesa kukana, iwo anaumirira, tambala analowa kumbuyo kwa galimoto. Ine ndinanyamuka osatsanzika. Ndinakakhala pa makina n'kuyamba kupalasa popanda nsalu, kuti ndisamve galimoto ikuchoka.

Yankho la abale aja silinabwere. Uvuni unaima pakhomo mvula ziwiri, udzu n'kumera pamwamba pake. Kenaka tsiku lina a Namaona anauza a kumphakati kuti adzatute njerwazo akamangire zimbudzi za kutchalitchi. Tsiku lotuta anathandiza nawo kukweza pa ngolo, akuwachenjeza kuti asaziponye, zingabenthuke.

Chaka chomwecho, Ogasiti atafika, ndinamva odi pachipata panga. Ndinawapeza ataima, chipewa m'manja.

"Nabanda, tandiimbirani a Lakisoni."

"Ndiwauze chiyani?"

"Muwafunse ngati chaka chamawa ndilipo."

Mayo ine! Ndinakuwa mpaka anansi kutuluka. Ndinati munthu ananena kale pamaso pa anthu kuti mukhale mpaka imfa, mukufuna chiyaninso, kuno si kuesiteti. Iwo anangoima pomwepo, osakwiya, osasuntha, kudikira kuti ndimalize. Ndinaimba. Lakisoni anachita manyazi, anati, "Aa, mayi, ndinanena kale. Auzeni akhale." Nditawauza anati zikomo, n'kuvala chipewa. Mawa lake m'pamene anayamba kukonza pobzala tomato.

Ndinaimba zaka zinayi. Chaka chachitatu foni inangolira osayankhidwa, kawiri, katatu. Mdala ali chiimire, akundiyang'ana pakamwa. Ndinayamba kuyankhula ndekha, eya, eya, zikomo bambo, ndiwauza, n'kutsitsa foni. Ndinati akuti mukhale. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndikhulupirira kuti anadziwa, koma anati zikomo.

Anamwalira Lachiwiri masana, atakhala pakhonde, msana atatsamira khoma. Dzulo lake tinali titakangana chifukwa nkhuku zanga zinalowa mu mpiru wawo, ndiye nditapereka moni koyamba osayankhidwa ndinati asiyeni, akunyanyala. Kachiwiri ndinawaseka, ndinati mkwiyo wa mpiru mpaka liti. Kachitatu m'pamene ndinaona ntchentche itatera pa dzanja lawo, dzanja osagwedezeka. Zimandiwawa kuti mawu anga omaliza kwa iwo anali achipongwe, ngakhale ndikudziwa kuti akanadabwa ndikanawalankhula mwina.

Chikalata changa chili m'sutikesi, m'kati mwa jumbo kuti chiswe chisachipeze. Ndinamanga nyumba ya njerwa, yamalata, mpopi uli pakhomo. Sindinganame kuti ndikufuna kubweza. Koma nthawi zina ndimadzifunsa kuti tsiku lija ndikanati eya, inenso anandiloza a Zefaniya, tonse anatiloza, ndipo mdala uyu sakusiyana ndi ife, kodi mlembi uja sakanalemba dzina lawo? Mwina akanalemba, mwina ayi. Sindinayese. Mu Kadambo monse munthu mmodzi yekha ndi amene anayankha funso lija moona, ndipo ndi yekhayo amene anafa wopanda malo.

Nyumba yawo anaigwetsa mwezi wa Meyi, mvula itatha. Sinali ntchito: abambo awiri, m'mawa umodzi, pofika nkhomaliro anali atasamba m'manja. Mitengo ya denga anthu anatola kukasonkhera moto.

Tsopano pakona paja pali mbee. Msewu ukudutsa mbali ziwiri, njinga zamoto zikuthamangitsana, ndipo patsidya pali mpopi wa anthu onse pamene amayi amafola ndi zidebe, misana atalozetsa kumeneko. M'makona anayi muli zikhomo za simenti, chimodzi cholembedwa nambala ndi penti yofiira. Pamene panali nyumba dothi lake ndi losiyana, lolimba, losalala chifukwa cha kuzira kwa zaka zambiri, ndipo udzu sunayambe kumerapo. Ukaima m'mbali n'kuyang'ana, kamalo kake n'kochepa modabwitsa, masitepe anayi uku, asanu uku. Masana mbuzi za eni ake zimadzagonapo.

Pakati penipeni anazikapo chitsulo, n'kukhomapo chikwangwani cholembedwa bwino, zilembo zoyera zazikuluzikulu zoti ndi wapanjinga yemwe awerenge: MALO ANO ALI NDI MWINI WAKE. M'munsi mwake muli nambala ya foni, imene ine ndimaidziwa pamtima.